Ufa wa Choko Kunkhongo

1. Lamulo la mutu

Atsikana a kwa Aphunzitsi Lou anali ndi lamulo limodzi lomwe ngakhale kamwana kongofika kumene kankalidziwa kasanadziwe komwe kuli chimbudzi. Munthu akatsika pathabwa, osamugwira mutu.

Mukumbatire ngati unamusowa. Mutsine tsaya, mumenye pamsana mpaka atsokomole. Koma mutu ayi, mpaka aphunzitsi atauona.

Chifukwa chake ndi mphete. Pa thabwa lomwe atsikanawa amachitirapo masewera opidiguka, lopapatiza ngati chikhatho cha munthu wamkulu ndipo lokwezeka mpaka pachifuwa, pali kadumphidwe kena kotchedwa mphete. Mtsikana amalumpha m'malere, n'kutambasula miyendo, n'kupinda msana, n'kuponya mutu kumbuyo mpaka thabwa osalionanso. Phazi lakumbuyo limayenera kukwera kukakumana ndi mutu. Likafika, imeneyo ndiye mphete, ndipo malikisi ake ndi onona. Likalephera, oweruza amati ndi kudumpha wamba, kwa chule aliyense.

Tsono mwini wake saona kumbuyo kwake. Atsikanawa amapaka ufa wa choko kumapazi kuti asaterereke, ndipo tsitsi lawo ndi lakuda bii, lomangidwa mfundo kunkhongo, louma ndi mafuta ngati chipewa cha msilikali. Phazi likafika, chala chachikulu chimasiya kachizindikiro koyera pamwamba pa mfundoyo. Aphunzitsi Lou ankangoti, "Tembenuka," n'kuyang'ana. Ufa ulipo, pita ukamwe madzi. Palibe, bwerera pathabwa.

Peng Ruolan analiphunzira lamuloli ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, tsiku lomwe mayi ake anamusiya pageti la sukulu ya masewera ya m'chigawo, atanyamula kachikwama ndi beseni. Analira mpaka masaya kutupa. Amene anamupukuta mamina anali Deng Shuyin, mtsikana wamkulupo, yemwe anamuyang'anitsitsa n'kunena kuti nkhope imeneyi ndi banzi longochotsedwa kumene pa nthunzi. Dzina la Kabanzi linamera pomwepo, ndipo silinazukenso.

Shuyin ndiye ankamumanga tsitsi m'mawa uliwonse, akumukoka mpaka nsidze kukwera. Ndiye anamuphunzitsa kubisa maswiti m'sokosi kuti aphunzitsi asawapeze, ndipo ndiyenso ankawadya maswitiwo, poti ankadziwa pomwe ali. Ana a mimba imodzi ambiri sakondana choncho.

Zaka zinapita. Kabanzi anakula, masaya aja anaphwa, miyendo inasanduka mphira. Shuyin anafika zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo pathabwa umenewo ndi ukalamba woyendera ndodo. Kakolo wake wakumanja anali atasokedwasokedwa ngati thumba lakale.

Chaka chimenecho onse awiri anakwera sitima kupita kumpoto, ku mpikisano wa dziko lonse. Pa atsikana onse okwera pathabwa, asanu ndi atatu okha ndiwo ankayenera kulowa mpikisano womaliza wa tsiku lotsatira. Kwa Ruolan, kulowa pamenepo kunali kuitanidwa ku Beijing, ku timu ya dziko. Kwa Shuyin kunali kwina. Wolowa pa asanu ndi atatuwo khomo la yunivesite limamutsegukira, ndipo mtsikana wokulira pathabwa, mabuku akumawaonera patali ngati apongozi, alibe khomo lina. Dokotala anali atamuuza kale kuti kwa mwendo umenewo mpikisano uno ndi wotsiriza. Akalephera, kunali kubwerera kwawo kukathandiza mayi ake kugulitsa mazira owiritsa pa siteshoni ya basi.

2. Chenjezo la m'mawa

M'mawa wa mpikisano mayi ake a Ruolan anaimba foni. Anati msewu wonse wa kwawo wadziwa, amalume ake agula kale makombola, ndipo bambo ake, omwe amayendetsa lole, aima panjira kuti aonere pa foni. Anati zaka khumi akhala akudya phwando la chaka chatsopano mpando wa mwana wawo uli wopanda munthu, tsono lero asawachititse manyazi. Ruolan ankangoti inde mayi, inde mayi, phala la mpunga likuzizira m'mbale.

Shuyin anatambasula dzanja n'kumutengera dzira.

"Kabanzi, ngati sukudya bweretsa kuno. Okalamba ndife ofunika mphamvu."

"Achemwali, mano otafunira muli nawo?"

"Ndidzatola ako ukagwa."

Aphunzitsi Lou anagogoda tebulo ndi timitengo todyera. Anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, ndipo asanayambe kuphunzitsa anakhalapo woweruza. Atsikana anaika mbale pansi.

"Tamverani, ana inu. Lero wina atsika pathabwa, aona malikisi osamukomera, ayamba kunena kuti oweruza ndi mfiti. Si mfiti ayi. Ine pampando umenewo ndinakhalapo. Woweruza ali ndi maso awiri ngati anuwa. Iye wakhala pansi, inu muli m'mwamba, nyali zikumuthobwa m'maso, dzanja likulemba. Mphete imatha asanaphethire. Akangoweramitsa diso, phazi lafika kale n'kubwerera. Ndiye palinso matenda ena omwe sitiwatchula pagulu. Woweruza amayamba kuona dzina asanaone thupi. Mwana wotchuka akagwedezeka, amati ndi mphepo. Wokalamba wa bandeji akadumpha bwino, amati maso andinamiza. Sachita dala, koma zimachitika.

"Malikisi ali pawiri, mukudziwa. A kukongola kwa kachitidwe, amenewo akalemba alemba, ngakhale mulire magazi. Koma a kuvuta kwa zomwe mwachita, amenewo ndingathe kukadandaula kuti aonenso pa kanema. Wololedwa ndine ndekha, ndipo nthawi yake ndi yochepa. Malikisi a mtsikana wotsatira akangotuluka, khomo latsekedwa. Tsono mvetsani. Chaka chatha ndinadandaula ndi mtima, osati ndi maso. Poonanso kanema anapeza cholakwa china chomwe sanachione poyamba, anatidula, chigawo chathu chinatsika, ndipo akuluakulu anandiuza kuti ndikabwerezanso ndikaphunzitse ana a mkaka. Chiyambire pamenepo oweruza akaona yunifolomu yathu amati abwera olira aja, ndipo opweteka nazo ndi tiana tomwe tikubwera m'mbuyo mwanumu. Lero sindipita patebulo paja pokhapokha nditaona ufa kunkhongo ndi maso angawa. Mutu wa mnzako ndi mboni yake. Usaukhudze. Wowononga mboni ya mnzake waipa kuposa woweruza wakhungu, chifukwa wakhunguyo sanaone, koma iyeyo anaona."

Atsikana anavomera ndi mitu. Mawu amenewa anali atawamva kambirimbiri, moti ena akanatha kuwalakatula ali m'tulo. Shuyin anaponda phazi la Ruolan pansi pa tebulo, akutsanzira milomo ya aphunzitsi. Ruolan anatsala pang'ono kutsamwa ndi phala.

Asananyamuke, dokotala anamubaya Shuyin jakisoni pakakolo n'kumukulunga bandeji. Phazi lonse linachita dzanzi. Shuyin anati tsopano akuyendera phazi la munthu wina, ndipo akungopempha kuti mwini wakeyo akhale wodziwa kudumpha.

3. Nambala eyiti

Ruolan anakwera masana. Anagwedezeka kamodzi potembenuka, mkono unapalasa mphepo ngati akuthamangitsa ntchentche, koma sanagwe. Mphete yake inatuluka bwino, ndipo anatera osasuntha. Dzina lake linakwera pa bolodi la magetsi, kenako linayamba kutsika pang'onopang'ono atsikana ena akamamaliza. Linatsika mpaka linaima pa nambala eyiti, pamphepete penipeni, ngati mbale ya nsomba kumapeto kwa tebulo m'nyumba ya amphaka.

Anatsala awiri okha: Shuyin, ndi kamtsikana kena ka kuchigawo cha kunyanja komwe kankangogwa kuyambira pokonzekera.

Ruolan anakhala pabenchi la timu, cham'mbali mwa thabwa, pamalo oti chilichonse chinkaoneka. Aphunzitsi Lou anali kumapeto kwa thabwa, komwe anakachotsa chodumphira chokwerera pathabwa, Shuyin atakwera. Kuchokera kumeneko umangoona nkhope ndi chifuwa cha mtsikana. Za kumbuyo kwa mutu, ng'o.

Shuyin anayenda pathabwapo ngati ndi pakhonde la kwawo. Anapidiguka chambuyo motsatizana, thabwa linalira, iye ali nji. Holo yonse inakhala chete, ngakhale okukuta njere za mpendadzuwa anasiya kukukuta. Kenako anaponda, n'kuuluka. Msana unapindika, mutu unagwera kumbuyo, phazi la bandeji lija linakwera. Ruolan anaona kautsi koyera kakutuluka patsitsi.

Potsika, Shuyin anatera ndi miyendo yonse, koma wakumanja unakana. Anadumpha pang'ono, anakweza manja kwa oweruza, anamwetulira monga anaphunzitsidwira. Atatsika masitepe kumwetulirako kunathera pomwepo. Anatsimphina mpaka pabenchi. Aphunzitsi Lou ataona katsimphinidweko sanabwere molunjika, anathamangira kutsidya kukakoka dokotala.

Shuyin anaweramira phazi lake, akumasula bandeji. Nkhongo yake inali pansi pa mphuno ya Ruolan. Pamwamba pa mfundo ya tsitsi panali kachizindikiro koyera, kozungulira, kofanana ndi chala chachikulu cha kuphazi. Ngakhale mwana wa mkaka akanakawerenga.

Bolodi linasintha. Anthu anang'ung'udza. Oweruza sanaiwerenge mphete ija. Anaiyesa kudumpha wamba, ndipo pamodzi nayo panagwanso malikisi a kuilumikiza ndi kadumphidwe kotsatira. Deng Shuyin, nambala naini. Pakati pa iye ndi Peng Ruolan panali kampata kochepa, koti mphete imodzi ikanakatseka n'kutsalako.

Ruolan masamu sankawadziwa kwenikweni, koma awa anawamaliza msanga. Mphete ikabwerera, achemwali akwera pa eyiti, iye atsika pa naini.

Kutsidya kwa holo, Aphunzitsi Lou anali ataliona bolodi. Anamusiya dokotala n'kuyamba kubwera mofulumira, akuzunguliza chala m'mwamba. Chizindikiro chimenecho aliyense ankachidziwa. Tembenuka.

Pambali pa benchi panali mbale ya ufa wa choko.

Choipa sichibwera ndi ng'oma kuti anthu akonzeke. Ruolan anaviika manja onse awiri m'mbalemo. Anagwada, anamukumbatira Shuyin m'mutu, n'kuyamba kumusisita tsitsi kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo.

"Pepani, achemwali. Pepani. Munachita bwino."

Atachotsa manja, mutu wa Shuyin unali mbuu ngati wa munthu wochokera kuchigayo. Kachizindikiro kaja kanali katasowa pakati pa ufa unzake.

4. Khomo latsekedwa

Aphunzitsi Lou anafika ali wefuwefu. Anamugwira Shuyin paphewa n'kumutembenuza. Anayang'ana mutu. Anayang'ana manja a Ruolan.

Anamufunsa Shuyin ngati phazi linafika. Shuyin anatsegula pakamwa, anayang'ana Ruolan, n'kutsekanso. Kenako anati phazi silikumva kanthu, ndipo tsitsi louma chonchi ngakhale mbalame itaterapo munthu sangazindikire. Anati akuganiza kuti linafika, koma kuganizako amaganiza tsiku lililonse.

Aphunzitsi anatembenukira kwa Ruolan. "Iwe unali pompano, cham'mbali. Unaona chiyani?"

Kamtsikana ka kunyanja kaja kanali katakwera kale pathabwa.

"Ndinatsinzina, aphunzitsi. Ndinkaopa kuti agwa."

"Nanga pamutupa, usanapakepo ufa wakowu?"

"Sindinayang'ane. Ndinangomva chisoni."

Aphunzitsi Lou anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo nthawi ndi imene analibe. Anatembenukira ku tebulo la oweruza. Anaponya phazi limodzi, kenako lina, n'kuima. Kumeneko mkulu wa oweruza, mayi wa imvi wovala jekete yabuluu, anali atadzutsa mutu akuyang'ana ku benchi lawo. Kamtsikana kaja kanagwa, kanakweranso, kanagwanso, kanamaliza kakulira. Aphunzitsi anali chiimire pomwepo, manja m'matumba. Malikisi a kamtsikanako atatuluka, anabwerera pabenchi n'kukhala pansi ngati munthu wosenza matumba tsiku lonse.

M'chikwama, foni ya Ruolan inayamba kunjenjemera ndipo sinasiye. Kwawo makombola anali atayamba kale kulira.

Shuyin anamugwira dzanja. Anamuuza kuti walowa, amwetulire, makamera akumuyang'ana, asaoneke ngati banzi logonera. Ruolan anamwetulira. Kenako anapita kuchimbudzi kukasamba m'manja, ndipo anakhalitsa kumeneko mpaka wina anakagogoda kufunsa ngati wagweramo.

5. Mlendo wokana tiyi

Dzuwa lisanalowe, timu ili m'chipinda chodyera, munalowa mayi wa imvi uja, jekete yabuluu atavula. Dzina lake anali Mayi Kuang. Kale iye ndi Aphunzitsi Lou ankagona chipinda chimodzi ali atsikana a pathabwa, koma chiyambire ntchito zawozi ankapatsana moni ngati anthu ongokumana m'basi. Woweruza salowa komwe ochita mpikisano akudya. Anthu anasiya kutafuna.

Anakana mpando, anakana tiyi. Anaima kutsogolo kwa Shuyin, yemwe anali atasanjika mwendo pampando wina, n'kuweramitsa mutu pang'ono. Munthu wa imvi kuweramira mwana.

"Mwana wanga, mpikisano ukatha ife timatsala n'kuonanso kanema wa aliyense, kuti tidziyese tokha. Wako tamuona mobwerezabwereza. Phazi lako linafika. Linachita kugunda, ufa n'kuti kobo. Anzanga owerengera kuvuta sanaone, ndipo sindingakunamize kuti ndikudziwa chifukwa chake. Mwina nyali. Mwina bandeji yakoyo inawauza nkhani usanadumphe. Adzayankha kwa ine. Koma malikisi atsekedwa. Lamulo silindilola kuwatsegula popanda dandaulo la panthawi yake, ndipo ndikatsegulira iwe lero, mawa aliyense wokhala ndi mnzake pampando adzafuna kumutsegulira. Lamulo lomwe lakupweteka leroli ndi lomwenso limateteza mwana wopanda omudziwa. N'zowawa, koma ndi mmene zilili.

"Ndipo inu ana nonse, imvani. Anthu amaganiza kuti chilungamo cha pathabwa chili m'manja mwa ife a patebulo. Ife tili ndi theka lokha. Theka lina lili pabenchi panupo, kwa amene anaona zomwe ife sitinaone. Ife tikalakwa inu n'kukhala chete, cholakwacho chimasanduka mbiri, ndipo palibe adzachifufute. Ndaona atsikana ambiri akulandira mendulo. Ena amaikoleka pakhoma pabalaza. Ena amaibisa pansi pa zovala m'bokosi, ndipo akakalamba safuna kuti ana awo afunse za iyo. Musadzakhale ndi mendulo ya pansi pa zovala."

Anatembenukira kwa mnzake wakale uja, mawu atatsika.

"Lou, ndinakuyang'ana. Ndinkadikira kuti ubwere."

"Ndinalibe mboni," anatero Aphunzitsi Lou.

Sanamuyang'ane Ruolan. Kusayang'anako kunawawa kuposa mbama.

Potuluka, Mayi Kuang anamukumbutsa Shuyin kuti mawa avalebe zovala za mpikisano. Wa nambala naini ndi wodikirira. Wina mwa asanu ndi atatuwo akadwala kapena kudzichotsa asanalowe m'holo, malo ndi ake. Shuyin anaseka n'kunena kuti ana a masiku ano sadwala, amadya bwino.

Anatenga timitengo take n'kupitiriza kudya, ngati nkhani yonseyo inali ya munthu wina. Misozi inkagwera mumpunga. Iye anati tsabola wa kumpoto kuno ndi wabodza pakamwa, koma m'maso amaluma.

Palibe anaseka. Ruolan anangozunguliza mpunga m'mbale mpaka onse anatuluka.

6. Chipeso

M'mawa mwake Ruolan anayesa kudzimanga yekha tsitsi. Mfundo inapendekera kumanzere ngati chisa cha mbalame yoledzera. Ali mkati molimbana nayo, Shuyin analowa akutsimphina, atavala kale zovala za mpikisano mkati mwa jekete, chipeso ndi mapini zili m'manja.

"Khala pansi, Kabanzi. Ukalowa choncho akudula malikisi usanakwere n'komwe."

Ruolan anakhala. Shuyin anamasula zonse n'kuyambiranso. Ankapesa pang'onopang'ono, osakoka ngati masiku onse. Anamuuza kuti potembenuka paja asamathamangitse mkono, phewa lizitsogola. Anamuuza kuti ku Beijing kumazizira, agule masokosi okhuthala, koma maswiti asakabisemo chifukwa aphunzitsi a kumeneko nawonso anakhalapo ana. Anamuuzanso kuti mazira owiritsa si ntchito yoipa ayi, munthu amakhala pansi tsiku lonse, mwendo n'kupuma.

Ruolan ankayang'ana maondo ake.

Shuyin anabaya pini yoyamba, kenako ina.

"Ukukumbukira tsiku lija ndinagwa n'kung'ambika pansidze? Unali kamwana. Unandithamangira ukulira, ine magazi ali chuchuchu, koma manja unaika kumbuyo. Unati, 'Achemwali, sindikugwirani mutu, aphunzitsi sanauone.' Tonse tinaseka, ndi dokotala yemwe."

Chipeso chinadutsanso m'tsitsi.

"Zaka zonsezi sunandigwirepo mutu, ngakhale posewera. Dzulo ine sindinkadziwa ngati phazi linafika, zoona zake. Ndinadziwira manja ako. Pakanakhala popanda kanthu, sukanakhala ndi choti ukwirire."

Ruolan anafuna kutembenuka. Shuyin anamubweza mutu ndi zala ziwiri.

"Usagwedezeke, ndikubaya. Ndikanatha kunena pomwe paja. Pakamwa ndinatsegula, unaona. Koma ndikanati chiyani? Kuti mwana amene ndinamupukuta mamina wandibera, pamaso pa makamera? Akanakuchotsa m'timu tsiku lomwelo, ndipo makombola a amalume ako akanalira pachabe."

"Achemwali..."

"Sindinabwere kudzakupempha kanthu. Ndangofuna udziwe kuti ndikudziwa, kuti tsiku lina ukadzatsika basi kwathu kudzagula dzira, usadzavutike kundinamiza kachiwiri."

Anapaka mafuta, anasalaza ndi chikhatho, n'kumumenya kamodzi paphewa. Mfundo inali yowongoka, yokongola kuposa masiku onse.

Nthawi itakwana, atsikana asanu ndi atatu anaima pamzere m'kanjira kolowera m'holo. Kutsogolo nyimbo inali itayamba, ndipo anthu ankamveka ngati mvula padenga. Kumbuyo, pabenchi la odikirira pafupi ndi khomo, Shuyin anakhala atatambasula mwendo, jekete atatseka mpaka m'khosi. Aphunzitsi Lou anaima pakati pa iye ndi Ruolan, osayang'ana uku kapena uko.

Bambo woyang'anira mzere ankaitana mayina, aliyense n'kuyankha kuti alipo. Ukayankha ndiye kuti walowa, ndipo wodikirira akhoza kukavula. Anayamba kutsogolo, anatsika nawo mzerewo mpaka kumapeto.

"Peng Ruolan."

Ruolan anayang'ana manja ake. Anali atawasamba ndi sopo mpaka kuwawa, koma m'zikhadabo munali mukadali moyera.

Atsikana asanu ndi awiri aja anatembenuka. Bamboyo anadzutsa mutu.

"Peng Ruolan. Ulipo, mwana iwe?"